Sipika Yomwe Inalira Maliro

1. Chimbale cha Safeli

Ana inu, m'nyumba mumakhala zinthu zina zimene munthu amazipukuta fumbi m'mawa uliwonse koma akuziopa. Kwa Agogo Namsukwa, kumtunda kwa Misuku kumene nkhungu imachedwa kudzuka kuposa anthu, chinthu chotero chinali wailesi ya malemu Safeli.

Safeli Kabaghe anali mwana wawo yekhayo wamwamuna, bambo ake a Dinah, mdzukulu amene ankakhala ndi agogowo. Anali mlimi wa khofi, koma anthu ankamudziwa kwambiri ndi besi imene ankaimba m'kwaya ya kutchalitchi kwawo. Kale, Dinah asanabadwe, kunabwera mlendo ndi makina ojambulira mawu. Anaimika maikolofoni awiri kutsogolo kwa kwaya, ina uku ina uko, ndipo patapita miyezi anatumiza zimbale. Za ena zinakalika, zina ana anaseweretsa. Chinatsala ndi cha Safeli chokha.

Chaka china khofi atachita bwino, Safeli anagula wailesi ya masipika awiri, sola ndi batire. Masipikawo ankawagundaniza pamwamba pa kabati, ndipo Lamulungu masana nyumba yonse inkamvera kwaya.

Kenaka chifuwa chinamutenga. Pa maliro panadza anthu ambiri, choncho anyamata anatulutsa sipika imodzi panja, n'kulumikiza waya wautali kudzera pazenera kuti okhala pabwalo amve nyimbo. Maliro atatha, sipika ija anaikankhira m'kanyumba kosungiramo khofi. Agogo anakaniza kuibwezera.

"Imeneyo yalira maliro," anatero. "Chimene chaperekeza munthu kumanda sichibwerera pabalaza. Ndiponso kukhala ndi masipika awiriko n'kufuna phokoso chabe. Ife tilipo awiri, imodzi itikwanira."

Tsiku limene anadzayatsanso chimbalecho, panachitika chinthu chimene chinawalanda tulo. M'nyimbo ina muli malo amene kwaya imatsitsa mawu, Safeli n'kuimba yekha. Malo aja atakwana, mawu ake anamveka patali, ngati munthu woitana ali kuseri kwa phiri. Amayi oimba mokweza ankamveka bwinobwino. Koma Safeli anali atachoka.

"Wamva, Dinah?" anatero agogo Lamulungu lina, atazimitsa wailesi. "Akunka natalikira. Chaka chatha ndinkamumva ngati ali kuchigwa, lero ali kuseri kwa phiri la Mughese. Mawu a munthu ndi mpweya wake, ndipo mpweya umalondola mwini wake. Ife tawatsekera m'kambale aka ngati mbalame m'khola pamene iwo akufuna kupita. Loweruka likubwerali, pomanga chiliza, chimbalechi ndikachiika pansi pa simenti, chikagone kumutu kwa mwini wake."

Dinah anali mu Fomu 2, mtsikana wosakonda kuyankha akulu. Koma tsikulo anayankha.

"Agogo, n'chokhachi chimene tatsala nacho."

"Tatsala ndi iwe, tatsala ndi khofi amene anabzala. Ndipo tamvera, mwana wa mwana wanga. Wailesi iyi usaigwire kumbuyo. Kumbuyoko kuli mawaya, ndipo waya sadziwa kuti uyu ndi mwana wasukulu. M'kanyumba ka khofi usakasunthemo kanthu. Pansi pa matumba pamagona njoka, ndipo chinthu chimene chinaimba pa maliro sichigona chokha. Ine sindinaponde m'kalasi, dzina langa ndimalemba ndi chala, koma ndaika mwamuna, ndaika mwana. Mayi ako anawoloka mtsinje wa Songwe kumalire kuja iwe ukukwawa, mpaka lero ngakhale moni. Madzulo ndikamatseka chitseko ndimawerenga mutu umodzi wokha m'nyumba muno. Usafune kuti tsiku lina ndidzawerenge n'kupeza palibe."

Dinah anawerama. "Ndamva, agogo."

2. Makutu awiri

M'sabata yomweyo, ku sekondale yoyendera imene Dinah ankaphunzira, aphunzitsi a sayansi anayamba mutu wa mawu. Anali Mayi Esnart Kalinde, ochokera ku Ntcheu, amene anali ataphunzira kunena "monire" ndi "yewo", moni ndi zikomo wa kumpoto, koma zitunda za Misuku zinkawatherabe mpweya.

Anaimika mnyamata wina pakati pa kalasi, n'kumumanga nsalu kumaso. Akawomba m'manja kumanzere, mnyamatayo ankaloza kumanzere. Akawomba kumanja, ankaloza kumanja. Kenaka anamuuza kuti atseke khutu limodzi ndi chikhatho. Anayamba kuloza paliponse, mpaka analoza kudenga, kalasi yonse n'kufa ndi kuseka.

"Mulungu sanatipatse makutu awiri kuti tizimva mokweza," anatero Mayi Kalinde. "Anatipatsa kuti tizidziwa kumene mawu akuchokera. N'chimodzimodzi masipika awiri a wailesi. Sayankhula zofanana ayi. Ina imanyamula za kumanzere, ina za kumanja."

Dinah yekha sanaseke. Belu litalira anatsalira, nadikira kuti anzake atuluke.

"Madamu, kodi mawu a munthu angathe kuchoka m'chimbale mwini wake akamwalira?"

Mayi Kalinde anasiya kufufuta bolodi. Sanamuseke. Anamukhazika pabenchi, ndipo Dinah anafotokoza zonse: za maliro, za sipika ya m'kanyumba ka khofi, za chiliza cha Loweruka.

"Bambo ako ankaima mbali iti m'kwayamo?"

"Kumanja, ife tikakhala m'mabenchi. Kumbuyo, pafupi ndi zenera."

"Ndiye yatsala m'nyumbayo ndi ya kumanzere. Inu mukumvera kwaya ndi khutu limodzi, mwanawe. Bambo ako sanachoke. Ali m'kanyumba ka khofi."

Dinah anagwira pakamwa.

"Koma kuibweza kokha sikukwanira," anapitiriza aphunzitsiwo. "Uyambe wachotsa wailesi ku batire. Waya wofiira apite pofiira, wakuda pakuda, mbali zonse. Ukasemphanitsa mbali imodzi, sipika ina imakankha mpweya pamene inzake ikukoka. Besi imafa, ndipo mawu amasowa pokhala. Kenaka masipikawo uwatalikitse, asagundane, asatsamire khoma, asalowe pakona. Akhale pa msinkhu wa makutu a munthu atakhala pansi. Utenge chingwe. Utali wa pakati pa masipika awiriwo ukhale womwewo kuchoka pa sipika iliyonse kufika pampando wa womvera. Uwapotoze pang'ono ayang'ane munthuyo. Pasimenti ya pabalaza uyalepo mkeka, chifukwa simenti ndi galasi zimabweza mawu n'kuwasokoneza. Ukatero, ukatsinzina, aliyense wa m'kwayamo adzaima pamalo pake."

Dinah ananyamuka kuti azipita, koma Mayi Kalinde anamugwira mkono.

"Chinanso. Uyambe wapempha agogo ako. Nyumba ndi yawo, chisoni n'chawonso. Sayansi sithyola chitseko."

"Yewo, Madamu."

Ana inu, mawu omalizawa ndi amene anali olemera kuposa onse. Koma mwana akapatsidwa mtolo, amathamangira kusankha chopepuka.

3. Waya ndi waya

Lachinayi masana agogo anasenza dengu la khofi wofiira kupita naye kumakina osendera makoko. Asananyamuke anabwereza za njoka, za moto, za kusatsegulira mlendo. Atangozimirira m'nthochi, panamveka njinga yamoto pabwalo.

Anali Oliver, msuweni wake wa Dinah, mwana wa azakhali ake. Sukulu anaisiyira panjira, ndipo tsopano ankanyamula anthu pa njinga, kutsika nawo ku Kapoka, masiku ena mpaka kumalire. Dinah anamufotokozera zimene anamva kusukulu, nati akufuna kupempha agogo madzulo.

Oliver anaseka. "Kupempha? Agogo amene amaopa ngakhale mthunzi wa nthochi? Ukapempha akana, akakana Loweruka lafika, amalume alowa m'simenti kawiri. Iwe msuweni, mabuku akufewetsa mutu. Tilumikize pompano, akamabwera apeze mwana wawo akuimba. Adzatiphera nkhuku."

"Madamu anati ndiyambe ndapempha."

"Madamu a ku Ntcheu akuwadziwa agogo athu? Tiye."

Dinah anayang'ana njira ya m'nthochi, nayang'ana kanyumba ka khofi. Kenaka anakatenga kiyi wa kanyumbako pamene agogo ankabisa, kuseri kwa chithunzi cha Safeli.

Sipika anaipeza pansi pa matumba akale, itakutidwa ndi ukonde wa akangaude, ikununkha khofi wouma. Njoka munalibe. Waya wa pa maliro uja unali ukadali pomwepo, wautali, wotuwa mbali zonse, wopanda chofiira kapena chakuda.

"Tiyang'ane kaye wofiira ndi uti," anatero Dinah.

"Waya ndi waya, msuweni. Pa maliro ndinalumikiza ndine, ndipo inalira mudzi wonse unamva."

"Nanga chingwe choyezera? Nanga mkeka?"

"Ukufuna kumanga nyumba kapena kumvera nyimbo? Nthawi ikutha."

Oliver analuma nsonga za waya ndi mano, n'kuzilowetsa kumbuyo kwa wailesi mmene zinagwera m'manja. Sipika anaikweza pa kabati, kuigundaniza ndi inzake monga kale. Dinah anaika chimbale. Panja mvula yowaza inali itayamba, koma iwo sanaimve.

Kwaya inayamba. Nyimbo inali yomwe ija, koma inali ngati yaphwa. Mawu sankachokera pa kabati, sankachokeranso pena paliponse. Ankangoyandama, mwina kudenga, mwina kumbuyo kwa mutu. Malo a Safeli atakwana, mawu ake anabwera ndithu, koma opanda chifuwa, opyapyala ngati munthu woyankhulira m'chitini.

Pakhomo panagwa chinthu. Linali dengu. Mvula inali itawabweza agogo panjira, ndipo khofi wofiira anamwazika pansi mpaka kunsi kwa mipando.

Agogo anaima pakhomo, nsalu ili chonyowa, maso ali kudenga kufunafuna kumene mawuwo ankachokera.

"Zimitsa," anatero motsitsa.

4. Dinah agwada

Oliver anazimitsa, n'kuyamba kutola khofi pansi ngati ndiyo ntchito imene anabwerera. Agogo anakhala pampando wawo waufupi.

"Ndinanena," anayamba choncho. "Ndinanena ndi pakamwa panga pano kuti chimene chalira maliro chisalowe muno. Mwamumva? Ameneyo si Safeli amene ndinabereka. Safeli wanga akatsegula pakamwa, benchi linkanjenjemera. Uyu alibe chifuwa, alibe miyendo, alibe poima. Mwamudzutsa munthu atagona, ndiye akuzungulira m'denga kusowa khomo. Inu ana a masiku ano mumati chilichonse chili ndi batani. Imfa ilibe batani. Ndipo kiyi uja ndinamubisa kuseri kwa nkhope ya bambo ako, Dinah, poganiza kuti pamenepo dzanja lako lichita manyazi. Lero ndi kiyi wa khofi. Mawa ndi chitseko cha usiku. Mtondo ndidzamva kuti wawoloka mtsinje ngati mayi ako. Mwana sathawa tsiku limodzi, amayamba ndi tinthu tating'ono, nkhalamba ili kumunda. Ndipatse chimbalecho."

Dinah anachitulutsa, nachipereka ndi manja awiri. Agogo anachikulunga pansonga ya chitenje, n'kumanga mfundo.

Oliver anakweza mutu. "Agogo, wolakwa ndine. Ndine ndinamu..."

"Iwe ndikudziwa kale. Unabadwa ukuthamanga. Ndikuyankhula ndi amene ndimagona naye nyumba imodzi."

Dinah anagwada pa simenti, pakati pa khofi womwazika uja.

"Agogo, kiyi ndinatenga ndine, palibe anandigwira dzanja. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiyambe ndapempha inu, ine sindinapemphe. Anandiuzanso kalumikizidwe kake, ine ndinathamanga. Chimene mwamvachi si mzimu. Ndi kulakwitsa kwanga. Waya tasemphanitsa."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Ndikupempha tsopano, ngakhale ndachedwa. Mundilole ndikonze kamodzi kokha, inu mukuona. Mukamva zomwezi, Loweruka chimbalechi ndikachiika ndekha pansi pa simenti."

Agogo anapukusa mutu. "Wakufa sayesedwa kawiri."

Dinah sanadzuke pamene anagwada. Atayankhulanso, mawu ake anali aang'ono.

"Agogo, inu munawamva bambo kuyambira tsiku limene analira koyamba. Muli nawo m'mutu. Ine ndayamba kuwaiwala. Nkhope ndimaiona pachithunzi, koma ndikafuna kukumbuka mmene ankandiitanira, sizibwera. Chikapita chimbalechi, ndidzakhala mwana amene sadziwa mawu a mayi ake, sadziwanso a bambo ake."

Agogo anayang'ana mfundo ya pachitenje. Anaisisita ndi chala chachikulu nthawi yaitali. Mvula inayamba kukata.

"Waya wa malirowo utuluke m'nyumba muno," anatero pomaliza. "Umenewo ndiwo unadutsa pazenera kupita kwa olira. Ndipo sipikayo muipukute ndi nsalu yoyera, ndiipempherere. Zikatero, kamodzi kokha."

5. Chingwe ndi mkeka

Ulendo uno Dinah sanathamange. Anayamba wachotsa wailesi ku batire, agogo akuyang'anitsitsa dzanja lake. Anamasula tepi wakuda amene anyamata anamanga polumikiza waya wa malirowo, ndipo pansi pake anapeza waya weniweni wa sipikayo, wofiira ndi wakuda, wautali mokwanira. Waya wotuwa uja Oliver anaukulunga n'kukautaya kudzala. Agogo anaika dzanja pa sipika, napemphera m'chinenero chakwawo, mawu ochepa, maso ali otsegula.

Dinah analowetsa wofiira pofiira, wakuda pakuda. Anayang'ananso kumbuyo kwa sipika inayo, napeza kuti ili bwino.

Anatsitsa masipika onse pa kabati. Anatenga mipando iwiri yofanana ya patebulo, n'kuika sipika pa uliwonse, wina kumanzere wina kumanja, moyang'ana mpando wa agogo. Oliver anafuna kukankhira mipandoyo kukhoma kuti papite malo.

"Ayi, ikokere kuno. Ikatsamira khoma mawu amatupa."

"Wamva, agogo? Mawu amatupa ngati mandasi."

"Khala chete ugwire ntchito," anatero agogo. "Lero ukulamulidwa ndi wamng'ono."

Dinah anamasula chingwe choyanikira zovala. Oliver anagwira nsonga pa sipika ya kumanzere, iye n'kukoka mpaka pa ya kumanja, namanga mfundo. Kenaka anayeza kuchoka pa sipika ya kumanzere kufika pamene panali mutu wa agogo. Chingwe chinaperewera.

"Agogo, ndikupempha musendeze mpando kutsogolo pang'ono."

"Mpando uwu wakhala pano chimangire nyumba ino."

"Pang'ono pokha."

Agogo anadzuka akung'ung'udza, Oliver n'kusendeza. Anayezanso mbali zonse ziwiri mpaka mfundo ija inkafika paphewa la agogo kuchokera uku ndi uku. Chingwe chitawakhudza khutu, agogo anachikankha.

"Usandiyeze ngati ukundipangira bokosi."

"Pepani, agogo. Ndatha."

Anapotoza masipika pang'ono kuti ayang'ane mpandowo. Anasesa khofi yense, nayala mkeka pa simenti pakati pa agogo ndi masipika. Galasi la kabati analiphimba ndi bulangete, ndipo pazenera anakokapo katani. Pabalaza panaoneka pachilendo, ngati nyumba ya anthu amene akusamuka.

Agogo anamasula mfundo ya pachitenje okha. Anapukuta chimbale pa bulauzi, nachipereka.

"Mutsinzine, agogo," anatero Dinah.

"Ine sinditsinzina pamene pali magetsi."

Koma nyimbo itayamba, anatsinzina.

6. Aliyense pamalo pake

Khoma la kutsogolo linakhala ngati lachoka. Mawu sankatulukanso m'mabokosi awiri aja. Anayala mzere kuchoka ku kabati mpaka kuchitseko, ena kutsogolo, ena kumbuyo, monga kwaya imaimira m'tchalitchi.

Dzanja la agogo linadzuka lokha pa bondo, n'kuloza kumanzere.

"Uyo ndi Bessie, mkazi wa akatekisiti. Amayamba msanga nthawi zonse." Chala chinasuntha pang'ono. "Apa pali Nakayange. Anamwalira chaka cha njala ija nthochi zitafa." Chinafika pakati. "Awa ndi ana a kwa Simkonda."

Kenaka kwaya inatsitsa mawu. Kumanja, kumbuyo pang'ono, pafupi ndi chitseko, munthu anakonza kukhosi kamodzi. Ndipo besi inatuluka, yodzaza, yokhala ndi chifuwa chake chonse, mpaka mkeka unamveka kunjenjemera kumapazi.

Agogo sanalire mokuwa. Anatembenuzira nkhope kuchitseko, maso ali chitsinzinire, misozi ikutsika m'makwinya.

"Ndi pamenepo," anatero. "Pafupi ndi zenera la m'tchalitchi. Ankati pamenepo pamapita mphepo. Wayimirira ndi miyendo yake."

Dinah anali atagwada kumbuyo kwa mpando, mutu wake pafupi ndi phewa la agogo, kuti naye akhale pakati. Anamvetsera. Ndi mawu omwewo amene ankamuitana kumunda kuti abweretse dengu. Oliver, amene pakamwa pake sipatsekeka, anavula chipewa.

Nyimbo itatha, agogo anapukuta kumaso ndi chitenje.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi mwana wanga ndinamutsekera ndekha m'matumba a khofi."

"Simunadziwe, agogo. Ifenso sitinadziwe."

"Chimbalechi sichipita kumanda. Kumanda kupite simenti. Koma tamvera, Dinah, usaganize kuti poti zatha bwino ndiye kuti unachita bwino. Ukanapempha poyamba, mwina ndikanakana, inde. Ukanapemphanso. Nkhalamba imakana ndi pakamwa, mtima ukumvetsera. Koma njira yakuba ija inatsala pang'ono kukwiriritsa bambo ako kachiwiri, chifukwa chimene ndinamva pakhomo paja ndikanapita nacho kumanda osatembenuka. Chinthu chabwino ukachilowetsa pazenera chimasanduka mbala. Kiyi uja umubwezere pamene unamutenga. Sindimusuntha. Ndikufuna ndione ngati dzanja lako laphunzira."

"Ndamva, agogo."

"Ndipo mipando iyi isasunthe. Tizidyera pansi."

Chimbale chinali chikuzungulirabe, ndipo nyimbo yotsatira inayamba. Imeneyi kale, masipika ali ogundana pa kabati, inkangomveka ngati gulu limodzi. Tsopano Safeli anayambitsa mzere, ndipo patsogolo pake penipeni, kumanja komweko, mawu a mkazi mmodzi anamuyankha. Anali mawu otsika, osalala, okoka pang'ono kumapeto. Besi ikafunsa, iwo ankayankha, ngati anthu awiri oyenda njira imodzi.

Nkhope ya agogo inasintha. Anatsegula maso.

"Amenewo ndani, agogo?" anafunsa Dinah. "Aja ali patsogolo pa bambo?"

Agogo anayang'ana malo opanda munthu pafupi ndi chitseko, ngati mwini mawuwo angatulukire pamenepo.

"Ndi Mabel," anatero. Dzinali linali lisanatchulidwe m'nyumbamo chiyambire Dinah kuzindikira. "Ndi mayi ako."

Dinah anagwira mpando. Anasendera pakati penipeni, pamene mfundo ya chingwe inkafika, natchera makutu onse awiri.

Oliver anali akupotokola chipewa m'manja. Anayang'ana agogo, nayang'ana pansi.

"Agogo, mwina ndisanene."

"Usanene."

Koma Dinah anali atatembenuka kale. "Nena, Oliver."

"Mawu amenewa ndinawamvapo. Osati m'chimbale. Mwezi watha ndinaperekeza munthu kutsidya la Songwe, tsiku la msika. Pali tchalitchi chaching'ono cha malata pafupi ndi pokwerera. Kwaya inkaphunzira nyimbo, ndipo amene ankatsogolera amakoka mawu kumapeto chonchi."

Agogo anadzuka, nazimitsa wailesi ndi dzanja lawo, chinthu chimene sankachita popanda kupukuta kaye m'manja.

"Songwe wadzaza mwezi uno," anatero, akuyang'ana Dinah osaphethira. "Amanyamula ng'ombe, amanyamula amuna amphamvu. Ndipo kutsidyako kuli anthu amene sabweza chimene alandira. Wandimva, mwana wa Safeli?"

"Ndamva, agogo."

Dinah anawerama n'kuyamba kukulunga chingwe choyezera chija pa dzanja lake, pang'onopang'ono. Atafika pa mfundo anaima. Panja mvula inali itakata, ndipo kudzera pampata wa katani ankaona njinga ya Oliver ili pabwalo, kiyi wake akulendewera pomwepo.